Nyimbo Zosaiwalika za Kanema wa Pasamalar

Nyimbo zambiri zimatchuka kwa nyengo yochepa, kenaka n'kuiwalika. Koma kum'mwera kwa dziko la India, kumene anthu amayankhula Chitamil, kuli nyimbo za m'chaka cha 1961 zimene zikuimbidwabe mpaka lero. Nyimbozi n'za m'kanema wotchedwa Pasamalar, amene anakonzedwa mumzinda wa Madras, umene tsopano ukutchedwa Chennai, motsogozedwa ndi A. Bhimsingh.

Kanemayu amasimba za ana awiri amasiye, mnyamata ndi mlongo wake, amene anakula mokondana pakati pa umphawi. Sivaji Ganesan ndi Savitri ndiwo anasewera mbali ziwirizi. Mtsikanayo atakwatiwa, wachibale wina wa mwamuna wake anafesa udani m'banjamo, mwakuti alongowo analekana. Anadzaonananso pa mapeto penipeni, ndipo anafera pamodzi.

Mawu a nyimbo zake analemba ndi mlakatuli Kannadasan, pamene maimbidwe anakonza ndi akatswiri awiri, M. S. Viswanathan ndi T. K. Ramamoorthy. Monga mwa mwambo wa makanema a ku India, osewera sankaimba okha. Oimba monga T. M. Soundararajan ndi P. Susheela ankajambulitsa mawu awo poyamba, ndipo osewerawo ankangotsatira ndi milomo. Nyimbo za m'makanema a nthawi imeneyo zinkafika m'midzi kudzera pa mbale za galamafoni ndi pa wailesi ya Radio Ceylon.

Nanga n'chifukwa chiyani nyimbozi zakhalitsa chotere? Yankho lake n'lakuti zinapeza ntchito pa moyo wa anthu. Imodzi, yotchedwa "Malarnthum Malaradha", ndi yotonthozera mwana: alongo olekana aja amaimba aliyense kwa yekha, akugoneka khanda. Ina, imene anaimba L. R. Eswari, ndi ya atsikana oitana mkwatibwi pa tsiku la ukwati wake, ndipo inasanduka nyimbo ya pa maukwati enieni a Atamil. Choncho ngakhale ana amene sanaonepo kanemayo amazidziwa, popeza anazimva kwa makolo awo ndi pa zikwati za abale.

Kannadasan ndi Savitri anamwalira m'chaka cha 1981, Ganesan mu 2001, Soundararajan ndi Ramamoorthy mu 2013, ndipo Viswanathan anatsatira mu 2015. Mbale za galamafoni zinasiyira malo makaseti, makaseti nawo anasiyira intaneti, koma nyimbozo sizinasunthike. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Nyimbo zonena za chibalecho nazonso zakana kuola.