Kanema ndi Lumo la Boma

Mu 1968 boma la Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo lopatsa Censorship Board mphamvu younika mafilimu, mabuku ndi nyimbo anthu asanaziwone kapena kuzimva. Filimu yopita ku nyumba ya kanema ya Apollo ku Blantyre inkayamba yadutsa m'manja mwa akuluakuluwa, n'kutuluka yodulidwadulidwa. Nyimbo ya Cecilia ya Simon ndi Garfunkel nayo idaletsedwa kaamba ka dzina la Mayi Cecilia Kadzamira. Wailesi yakanema kunalibe mpaka 1999. Kumidzi kanema ankabwera pagalimoto ya boma: chinsalu n'kuchipachika pabwalo, dzuwa likalowa anthu n'kumaonera Ngwazi ikuyendera mbewu m'minda, amayi akuvina.

Anthu a kwa Kanduku ndi madera ena a Mwanza akudziwa zomwe chinsalucho sichidaonetse. Mu May 1983 nduna zitatu, Aaron Gadama, Dick Matenje ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa pamsewu wa ku Thambani, boma n'kulengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Zoona zake zidatuluka pa kafukufuku wa 1994, koma mlandu wa 1995 udathera pomasula Kamuzu ndi John Tembo.

Ku Egypt zidayenda mwina. Pulezidenti Gamal Abdel Nasser atamwalira mu 1970, padangopita zaka zisanu, Ali Badrakhan n'kutulutsa Al-Karnak, filimu yoonetsa ophunzira akuzunzidwa m'manja mwa apolisi achinsinsi. Tisaombe m'manja msanga: Anwar Sadat, yemwe adalowa m'malo mwa Nasser, adailola chifukwa matope ankagwera amene adamtsogolera. Lero zithunzi zoitanira anthu ku mafilimu achiarabu ndi chuma. Abboudi Abou Jaoudé wa ku Beirut adasonkhanitsa zikwizikwi. Chomwe boma lidatsekerapo m'kabati chimasowa, ndipo chosowa chimakwera mtengo.

Kuno wotolera zakale alibe zithunzi zotere zoti asake, poti mkwiyo wa nthawi imeneyo sudafike pachinsalu. Udabisala m'mapepala: buku la Jack Mapanje la 1981, Of Chameleons and Gods, ndi kalata ya maepiskopi a Katolika ya March 1992, yomwe kungopezeka nayo m'thumba udali mlandu.

Zoipa za boma zidafika pachinsalu mochedwa: mu 2019 filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yojambulidwa ku Kasungu, idaonetsa mfumu ikumenyedwa itanena za njala pamsonkhano wa pulezidenti. Adaikonza ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain.