Mercedes 420 SEL ndi Lexus LS 400: chaka chomwe dzina linasiya kukwanira

Ukatchula galimoto ya mabwana, ambiri timaganiza za Benz. Ine ndimati ulemu umenewo unagwedezeka mu 1989, pamene Toyota inatulutsa Lexus LS 400, ndipo Mercedes-Benz sinakhalenso chimodzimodzi.

Tiyambe ndi mfumu ya nthawiyo. Mercedes ya mtundu wa W126 inatuluka mu 1979, itajambulidwa motsogozedwa ndi Bruno Sacco, ndipo inapangidwa mpaka 1991. Atsogoleri a mayiko ndi eni mabanki ankakwera imeneyi. Ku America, 420 SEL inali ndi injini ya V8 ya malita 4.2, ya mphamvu ya horsepower 201, ndipo mtengo wake unkapitirira madola 60,000. Inali yolimba, yotetezeka pa ngozi, koma pofika 1989 inali itakwanitsa zaka 10 pamsika.

Mu 1983, tcheyamani wa Toyota, Eiji Toyoda, anauza akatswiri ake kuti apange galimoto yoposa zonse. Ntchitoyo anaitcha F1, ndipo mkulu wa mainjiniya anali Ichiro Suzuki. Anapanga galimoto zoyeserera pafupifupi 450 ndi kuwononga ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Zotsatira zake zinaonekera ku Detroit mu Januware 1989: injini ya V8 ya malita 4.0, horsepower 250, liwiro lofika makilomita 250 pa ola, mtengo wosafika madola 40,000.

Taonani bwino manambalawo. Injini yaing'ono inkatulutsa mphamvu zambiri chifukwa inali ndi mavavu anayi pa silinda iliyonse, pomwe ya Benz inali ndi awiri. Thupi la Lexus linkadulanso mphepo bwino: muyeso wake unali 0.29, wa W126 uli 0.36. Nambalayi ikatsika, galimoto imamwa mafuta ochepa ikamathamanga ndipo mkati mumakhala bata.

Koma chimene chimandigwira mtima ine si injini ayi. Mu Disembala 1989, Lexus inapeza vuto pa chipangizo chosunga liwiro komanso pa nyali ya mabuleki, ndipo inaitanitsa galimoto zonse pafupifupi 8,000 zomwe inali itagulitsa. Ogulitsa ankakatenga galimoto kunyumba kwa mwini wake, kuikonza, kuitsuka ndi kuibweza thanki ili yodzaza. Chomwe chikanapha kampani yatsopano chinasanduka mbiri yabwino.

Ena amati LS 400 inangotengera maonekedwe a Benz ndipo inalibe mzimu. Pali choonadi pamenepo. Ngakhale lero, W126 ikadutsa anthu amacheuka, pomwe LS 400, yomwe ku Japan inkagulitsidwa ngati Toyota Celsior, imangoyenda osaizindikira. Mercedes inayankha mu 1991 ndi W140, chigalimoto cholemera pafupifupi matani awiri, cha magalasi ophatikiza awiriawiri, china chili ndi injini ya V12. Komabe ogula anali ataphunzira kale kufunsa funso lomwe kale sankafunsa: kodi ndalama zinazo ndikulipirira chiyani?

Chigamulo changa ndi ichi: 420 SEL inali ndi mbiri, LS 400 inali ndi ntchito yabwino, ndipo mu 1989 ntchito ndiyo inapambana. Nyenyezi ya pa boneti inali idakalemekezeka, koma sinathenso payokha kufotokoza kusiyana kwa madola 20,000.