Za Munda wa Boma wa ku Zomba, ndi Phunziro Lache kwa Ife a Kuchigwa

Ife a ku Chikwawa ndi ku Nsanje tidziwa munda wa mapira, wa mchewere ndi wa thonje, ndipo munthu akalowa m'munda alowa ndi khasu. Koma ulipo munda wa mtundu wina, umene anthu salimamo chakudya. Alowamo kukapuma, kukaona mitengo ndi kuphunzira maina ache. Munda wotere woyamba m'dziko lathu uli ku Zomba, patsinde pa phiri, pomwe mtsinje wa Mulunguzi utsikira, ndipo mbiri yache inadzera pakhomo pathu pomwe pano.

Mwambo wa minda yotere unakula ku Mangalande m'masiku a Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 kufikira 1901. Nthawi imeneyo anthu ambiri anasiya midzi yao, nakaunjikana m'mizinda pofuna nchito za m'mafakitale. Nyumba zinapanikizana, utsi unachuluka, ndipo nthenda sizinathe. Tsono akulu anaganiza zopatula malo mkati mwa mizinda, kuti wosauka nayenso apeze popuma mpweya wabwino. Mu 1845 anatsegula Victoria Park kum'mawa kwa London, kumene kunkakhala amphawi ambiri. Ndipo mu 1847 anatsegula munda wa ku Birkenhead, umene anaukonza Joseph Paxton ndi ndalama za mzinda. Panalinso minda ina yophunziriramo zomera, monga wa ku Kew ndi wa ku Edinburgh, kumene ankasonkhanitsa mbeu za maiko onse.

Ku minda yophunzirirayi ndiko kunachokera maso oyamba odzayang'ana zomera zathu. Mu 1859, pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire nafika kwa Chibisa, anali naye sing'anga John Kirk, amene nchito yache ina inali kutola masamba ndi maluwa, kuwaumitsa ndi kuwatumiza ku Kew. Alendowo anapeza Amang'anja alikulima thonje ndi kuomba nsaru zao, osaphunzitsidwa ndi mzungu. Pambuyo pache, mu 1878, Jonathan Duncan, wolima wa Mishoni ya ku Blantyre, anabwera ndi timitengo titatu ta khofi kuchokera ku munda wa ku Edinburgh. Tiwiri tinafa, koma kamodzi kanaphuka, ndipo kanabala mbeu zimene zinadzala m'mapiri.

Ku Zomba anayamba kulima ndiye John Buchanan, amenenso anamanga nyumba ya nthumwi ya Angerezi, yomwe pambuyo pache inatchedwa Masongola. Mu 1891, chaka chimene dziko lino linalowa pansi pa Angerezi, Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, anabwera ndi munthu wodziwa zomera ndi nyama, dzina lache Alexander Whyte. Iyeyu ndiye anayala munda pafupi ndi nyumba ija. Ndiyenso anakwera phiri la Mulanje natumiza kwao zitsanzo za mtengo wa mkungudza, ndipo chifukwa chache anzeru a zomera autcha mtengowo ndi dzina lache kufikira lero.

Tsono tinene zoona: munda umenewu sanauyale kuti anthu a m'midzi azikapumamo. Cholinga chache chinali kuyesa mbeu zachilendo, kuti aone imene ingakule bwino ndi kupindulitsa eni minda ikuluikulu pa malonda. Tikumbukirenso njira imene katundu wa masiku aja anadzera. Njanji inali isanafike, pakuti sitima ya pamtunda inalowa m'Blantyre mu 1908. Katundu wochokera kunyanja yamchere ankalowa pa Chinde, nakwera ndi ngalawa m'Zambezi ndi m'Shire, napitirira Nsanje, pomwe azungu ankati Port Herald, ndi Chiromo, kufikira kwa Katunga ndi ku Chikwawa, kumene mathithi atsekereza njira ya pamadzi. Kuchokera apo ankamsenza pamutu amtengatenga, nakwera naye chitunda chija chimene lero galimoto ikwera molira. Ndipo ambiri anasenza pofuna kupeza ndalama ya msonkho. Maina a azungu analembedwa m'mabuku, koma maina a osenzawo sanalembedwe; nafenso tikaiwala thukuta lao, adzalikumbuka ndani?

Zaka zinapita, ndipo zinthu zinasintha. Dziko linalandira ufulu mu 1964. Likulu la boma linachoka ku Zomba kunka ku Lilongwe mu 1975. Ndipo mu 1987 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe losunga zomera ndi minda yotere, limene liyang'anira munda wa ku Zomba pamodzi ndi ina ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Wolowamo lero apeza tinjira toyendamo pansi pa mitengo yaitali, ya kuno ndi ya kunja, timilatho toolokera Mulunguzi, nsungwi zazikulu, ndi mabwalo a kapinga pokhala. Ophunzira amadza ndi mabuku ao, akwati amadza kudzajambulitsa, ndipo mu mzinda womwewo muli nyumba yosungiramo masamba ouma a zomera za dziko lonse. Chomwecho munda umene unayalidwa chifukwa cha phindu la owerengeka wasanduka mpumulo wa ambiri. Ndipo amene akhala pamthunzi wache sanamuone amene anaoka mitengoyo.

Apa ndipo pali phunziro lathu. Makolo athu sanadikire mzungu kuti awauze za ubwino wa mtengo. Mudzi uli wonse unali ndi bwalo lache pansi pa mkuyu kapena bwemba, pomwe milandu inkaweruzidwa ndi ana ankasewera. Ndipo nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, imene anaipatula chifukwa cha Mbona, yaima mibadwo yambiri popeza panalibe wololedwa kulowetsamo nkhwangwa. Ngati iwo anasunga mitengo mwa mantha, kodi ife amene tiwerenga m'buku la Genesis kuti munthu woyamba anaikidwa m'munda kuti ausamale tidzalephera kuisunga mwa chikondi?

Koma taonani mmene ziliri. Mitengo yatha ndi makala ndi kuotcha njerwa, magombe a mitsinje ali pambalambanda, ndipo madzi akatsika kumapiri sapeza chowagwira. Chigumula cha 2015 tichikumbuka, ndi namondwe Ana mu 2022, ndi Freddy mu 2023. Mitengo siingaletse mvula, koma igwira nthaka, ndipo m'mwezi wa Okotobala mthunzi kuno ndiwo moyo.

Chifukwa chache ndipempha akulu a mpingo ndi aphunzitsi anzanga, kuti mudzi uli wonse upatule kadera pafupi ndi nyumba ya mapemphero kapena sukulu, mwa chilolezo cha amfumu. Muokemo nimu, nsangu, masau ndi bwemba, zimene zipirira dzuwa lathu. Mutchinge ndi minga chifukwa cha mbuzi. Ana athirire mosinthana kufikira mizu itagwira. Ndipo pakhale lamulo lakuti malowo ndi a onse, wosauka ndi wolemera, ndi kuti asagulitsidwe. Mutu umodzi susenza denga. Nchitoyi ifuna mudzi wonse, ndipo nyengo yache yoyambira ndi mvula yoyamba ya chaka chino.