Mbiri ya opaleshoni yokonza chigaza cha mwana

Mukamasisita mutu wa khanda mumamva liwombo. Chigaza cha mwana si fupa limodzi ayi, ndi mafupa angapo okumana pa misoko yofewa kuti ubongo uzipeza malo pokula. Mwa ana ena, pafupifupi mmodzi pa 2,000 alionse, msoko wina umatsekeka nthawi isanakwane. Mutu umatalika ngati bwato, mphumi imasongoka, kapena mbali imodzi imaphwatalala.

Mu 1851, dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, anafotokoza chifukwa chake: fupa likaleka kukula pa msoko wotsekekawo, ubongo umakankhira mutu kwina. Mu 1890, Odilon Lannelongue wa ku France anayesa kudula kachigawo ka fupa kuti atsegule msokowo. Madokotala ena anamutsanzira, koma ambiri mwa ana omwe ankawachita opaleshoni anali ndi mitu yaying'ono chifukwa ubongo weniweniwo sumakula. Sanathandizike, ndipo ambiri anamwalira. Mu 1894, dokotala wa ana ku New York, Abraham Jacobi, anadzudzula mchitidwewu poyera, ndipo opaleshoniyi inasiyidwa kwa zaka pafupifupi 30.

Inayambiranso m'zaka za m'ma 1920, madokotala atadziwa kusiyanitsa matenda awiriwa. Mu 1967, Paul Tessier wa ku France anaonetsa anzake ku Rome kuti mafupa a chigaza ndi nkhope angathe kudulidwa, kusunthidwa n'kulumikizidwanso, ubongo ndi maso zili bwinobwino. M'zaka za m'ma 1990, ku America anayamba kucheka pang'ono chabe n'kulowetsa kakamera, kenako mwana amavala chipewa cholimba chowongola mutu. Njira imeneyi imatheka m'miyezi yoyambirira yokha, mafupa akadali ofewa.

N'chifukwa chake ndikukupemphani, musachedwe. Vutoli si ufiti, si kulakwa kwa mayi, ndipo mankhwala opaka pa liwombo sangatsegule msoko wotsekeka. Komanso musade nkhawa msanga: ana ambiri mutu umaphwatalala chifukwa chogonera mbali imodzi, ndipo safunika opaleshoni.

Mukaona mutu wa mwana ukukula mosiyana ndi anzake, kanenereni ku sikelo ndipo pemphani kuti amuyeze mutu ndi tepi. Pakafunika, akutumizani ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli madokotala a opaleshoni ya ubongo. Koma liwombo likatupa, mwana akutentha thupi kapena akusanza, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire tsiku la sikelo.