Batire Yachiwiri pa Galimoto za M'tchire

Batire yachiwiri ndi imene amawonjezera pa galimoto yoyenda m'misewu yoipa, monga Toyota Land Cruiser, kuti iziyendetsa firiji, nyale ndi wailesi injini itazima. Yoyambayo amaisungira ntchito imodzi yokha: kuliza injini.

Kwa dalaivala wa ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, iyi si nkhani yamasewera. Ukadutsa Chirundu kulowera ku Lower Zambezi, batire ikatha usiku, wokukankha palibe.

Pakati pa mabatire awiriwa amaikapo kachipangizo kotchedwa isolator. Injini ikalira, alternator, yomwe imatchaja batire, imatulutsa mavoti pafupifupi 14, ndiye kachipangizoka kamalumikiza onse awiri kuti atchajidwe. Ikazima kamawalekanitsa, motero firiji siyikhudza batire yolizira. Mawaya akhale okhuthala, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire iliyonse, chifukwa waya wokhukhuzika pachitsulo angathe kuyatsa galimoto yonse.

Njira ina ndi kuwonjezera alternator yachiwiri, koma imafuna choimikira chake ndi lamba wake, komanso imalemetsa injini. Kwa wongonyamula firiji imodzi, alternator imodzi yamphamvu ndi yokwanira.