Makina a Smith Kapena Zitsulo Wamba? Mbiri ya Mkangano Umenewu

Sabata yatha ndinalandira uthenga kuchokera kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kale, yemwe pano akugwira ntchito ku Johannesburg. Akufuna kuthokoza sukulu yake yakale poigulira zipangizo zolimbitsira thupi, koma ndalama zake zikungokwana chinthu chimodzi: makina a Smith, kapena ndodo zachitsulo ndi mbale zake zija timangoti zitsulo. "Aphunzitsi, mundisankhire ndinu," anatero. Mukundidziwa kale, ine ndi mphunzitsi wa mbiri yakale, sindingayankhe funso ndisanafotokoze kumene nkhani inachokera. Ndiye pirirani, yankho lili kumapeto.

Agiriki akale ankasimba za Milo wa ku Croton, katswiri wa masewera ogwetsana amene anakhalako zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe. Amati ankanyamula thole paphewa tsiku ndi tsiku, tholelo likukula, iye osasiya, mpaka anapezeka akunyamula nkhunzi. Ndi nthano, koma mfundo yake ndi imene aliyense wonyamula zitsulo amatsatira mpaka lero: uzionjezera kulemera pang'onopang'ono, thupi lizitsatira. Onaninso kuti ng'ombe ilibe chogwirira ndipo imaphupha. Woinyamula amayenera kudzilimbitsa yekha kuti asagwe. Mkangano wonse wagona pamenepa.

Ambiri timaganiza kuti makina olimbitsira thupi ndi a dzulodzulo, koma ayi. Mu 1865 dokotala wa ku Sweden, Gustav Zander, anatsegula malo ku Stockholm odzaza ndi makina amene anapanga yekha. Makina alionse anali ndi ntchito yake, ena a mkono, ena a mwendo, ena a msana, ndipo munthu ankangoyendetsa chiwalo m'njira imene makinawo analola. Zander ankaganizira odwala, ofooka ndi anthu okhala pampando tsiku lonse. Mu 1876 makina ake analandira mendulo pa chionetsero chachikulu cha ku Philadelphia, ndipo malo otengera nzeru zake anafalikira m'mayiko ambiri.

Zitsulo wamba zinatchuka kudzera njira ina, ya zionetsero. Amuna amphamvu ankayenda m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America kumanyamula zolemera pamaso pa anthu olipira pakhomo. Wotchuka kwambiri anali Eugen Sandow, wobadwira ku Königsberg mu 1867, amene mu 1901 anakonza mpikisano wa anthu a matupi oumbika bwino ku Royal Albert Hall mu London. Chaka chotsatira, 1902, Alan Calvert anayambitsa Milo Barbell Company ku Philadelphia. Mwaliona dzinalo? Ndi la Milo wathole uja. Kampaniyi inafalitsa ndodo zimene munthu angathe kuonjezera kapena kuchepetsa kulemera kwake ali kunyumba. Tsono makina anabadwira kwa dokotala, zitsulo zinakulira pabwalo la zionetsero. N'chifukwa chake mpaka lero anyamata ena amati makina ndi a ofooka, pomwe makolo ena amati zitsulo ndi za anthu odzionetsera.

Makina a Smith anabwera kudzayesa kuphatikiza mbali ziwirizi. Jack LaLanne, amene anatsegula jimu yake ku Oakland, California, mu 1936, ndiye anayamba kuyesa ndodo yoyenda motsetsereka pa zitsulo zoimika kuti munthu azitha kunyamula popanda mnzake womudikirira. Rudy Smith, amene ankayang'anira jimu ya Vic Tanny ku Los Angeles, anaona maganizowo, napempha mmisiri Paul Martin kuti awakonze bwino. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 makinawa anali atayamba kufalikira, ndipo dzina limene linakhazikika ndi la Smith, osati la LaLanne. Inu a Fomu 4 akale mukukumbukira zimene ndinkanena, kuti woyambitsa chinthu ndi wotchuka nacho kawirikawiri amakhala anthu awiri osiyana.

Kwa amene simunawaonepo, makinawa ali chonchi. Ndodo imamangiriridwa pa njanji ziwiri, ndipo imangoyenda chokwera ndi chotsika, singapendekere kutsogolo, kumbuyo kapena kumbali. Ili ndi mbedza ziwiri, moti ukatopa umangopotoza manja, mbedzazo n'kukola, ndodo n'kuima pomwepo. Pambuyo pake panabwera makina ena: Harold Zinkin anatulutsa Universal mu 1957, ndipo Arthur Jones anaonetsa Nautilus mu 1970. Eni majimu anawakonda chifukwa mlendo amatha kuyamba tsiku lomwelo popanda kumuphunzitsa kwa milungu.

Ifeyo sitinakule ndi zimenezi. Jimu yathu inali kuseri kwa nyumba: paipi yamadzi, zitini ziwiri zothiramo simenti, ndi benchi yathabwa. Tsiku lina masana, ndili mnyamata, ndinapita ndekha kukagona pabenchi paja kuti ndikankhe zitini zolemera kuposa masiku onse. Kachitatu manja anakana. Paipi inandikhala pachifuwa n'kuyamba kutsetserekera kukhosi, ndipo mawu okuwa sanatuluke. Anandipulumutsa ndi mlongo wanga amene ankadutsa ndi ndowa yamadzi. Ndiye munthu akamanyoza mbedza za Smith, ine sindiseka nawo, chifukwa ndikudziwa chimene anaziikirapo. Komabe dziwani kuti makinawa nawonso amapanikiza munthu ngati sanaike zotchingira zapansi pamalo oyenera, ndipo popeza ndodo ndi yomangirira, sungaigwetsere kumbali.

Nanga ofufuza anapeza chiyani? Mu 2009 akatswiri a pa University of Saskatchewan ku Canada anayeza mmene minofu imagwirira ntchito pochita squat, ndipo anapeza kuti ndi ndodo wamba minofu inkagwira ntchito yochuluka ndi pafupifupi 43 peresenti poyerekeza ndi pa Smith. Chifukwa chake n'chomveka: ntchito yoletsa ndodo kupendekera, imene njanji zimagwira, pa ndodo wamba imagwiridwa ndi thupi lako. Koma anthu amene anayezedwa anali ochepa kwambiri. Mu 2023 ofufuza a ku Norway anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 13 woyerekeza makina osiyanasiyana ndi zitsulo wamba, napeza kuti pa kakulidwe ka minofu palibe kusiyana kwenikweni. Pa mphamvu anapeza kuti munthu amalimba kwambiri pa chimene wakhala akuchita: wozolowera makina amapambana pa makina, wozolowera zitsulo amapambana pa zitsulo. Tsono patatha zaka zoposa 150 chiyambire Zander, palibe mbali imene yagwetsa inzake.

Yankho langa kwa mwana wanga wa ku Johannesburg ndi ili. Ugule ndodo, mbale zake, ndi choikapo ndodo chokhala ndi zotchingira m'mbali. Zifukwa zanga ndi za pasukulu. Makina a Smith amatenga mwana mmodzi pa nthawi, pomwe ndodo zingapo zimatenga gulu. Makina akaonongeka timayamba kusaka zipangizo zakunja, pomwe choikapo ndodo wowotcherera wapamsika amachikonza. Ndiponso ana athu amasewera mpira wamiyendo ndi wamanja, amasenza matumba a chimanga, ndipo m'zonsezi mulibe njanji. Pogula usaiwale atsikana. Ndodo ya mpikisano ya amuna imalemera makilogalamu 20, ya akazi 15, ndipo akazi akhala akunyamula zitsulo pa Olimpiki kuyambira mu 2000 ku Sydney.

Koma mphatsoyi ili ndi lamulo, ndipo apa ndikulankhula ndi inu aphunzitsi anzanga. Zitsulo zizikhala zokiyidwa pokhapokha mphunzitsi alipo, mwana aliyense ayambe ndi ndodo yopanda mbale mpaka adziwe kaimidwe, ndipo wina asagone pansi pa ndodo popanda mnzake woima kumutu kwake. Mutu umodzi susenza denga. Ngati palibe mphunzitsi wodzipereka kuyang'anira, kuli bwino ndalamazo tigulire mipira. Kwa inu ana anga akale amene mumapita kujimu nokha usiku mukaweruka kuntchito, kapena mukuchira povulala, gwiritsani ntchito Smith mopanda manyazi, bola muziika zotchingira zija.

A zamasewera mukaona kuti ndalakwitsa, mundipeze mu staff room Lolemba nthawi ya tiyi.