Mmene boma la Canada linapepesera ana a m'masukulu ogonera

Canada ndi dziko lalikulu la ku mpoto kwa America. Azungu asanafike, kumeneko kunali kale anthu, eni nthaka. Iwo ali m'magulu atatu: First Nations, Inuit ndi Métis.

Cinacitika n'ciani?

Kuyambira ca m'ma 1880, boma la Canada linkacotsa ana a eni nthaka kwa makolo awo. Linkawatumiza ku masukulu ogonera komweko, kutali ndi kwawo. Boma linkapereka ndalama, ndipo machalichi ndiwo ankayendetsa masukulu ambiri. Ana pafupifupi 150,000 anadutsa m'masukulu amenewa. Otsiriza anatsekedwa ca m'ma 1990.

Kumeneko ana ankawaletsa kulankhula cinenero cawo. Akalankhula, ankalandira cilango. Cakudya cinali cocepa, ndipo matenda monga cifuwa cacikulu ankafala. Ena ankamenyedwa, ena kugwiriridwa. Ana oposa 3,000 anamwalira, ndipo ambiri sanaikidwe kwawo. Tangoganizani: mwana kucoka ali wamng'ono, kubwerera atakula, koma osamvana ndi agogo ake.

Kodi boma linacitapo ciani?

Boma silinayambe lokha. Anthu amene anapulumuka ndiwo analimba mtima, n'kuyamba kuulula, n'kukasuma ku makhoti. Milandu itacuruka, mu 2006 panapangidwa pangano pakati pa iwo, boma ndi machalichi. Panganolo linayamba kugwira nchito mu 2007.

Coyamba cinali cipukuta misozi. Aliyense amene anagonako ku sukulu zimenezi ankalandira madola 10,000 a ku Canada pa caka coyamba, ndi madola 3,000 pa caka ciriconse cotsatira. Tiyeni tiwerengere: munthu amene anakhalako zaka 5 ankalandira madola 22,000. Amene anagwiriridwa kapena kumenyedwa kwambiri anali ndi njira ina. Ankafotokoza nkhani yawo mwacinsinsi kwa woweruza, n'kulandira ndalama zina.

Caciwiri cinali kupepesa. Pa 11 Juni 2008, nduna yaikulu Stephen Harper anapepesa m'nyumba ya malamulo, opulumuka ali pomwepo. Mu Julayi 2022, Papa Francis nayenso anapita ku Canada kukapepesa.

Cacitatu cinali kumva zoona. Panakhazikitsidwa bungwe la coonadi ndi ciyanjano, lotsogoleredwa ndi woweruza Murray Sinclair. Bungweli linayenda m'dziko lonse, n'kumvetsera anthu oposa 6,000. Mu 2015 linatulutsa lipoti lokhala ndi mfundo 94 zoti zicitike pa maphunziro, zaumoyo, zinenero ndi cilungamo.

Kodi zonse zinatheka?

Ayi ndithu. Anthu amene anamwalira pasanafike pa 30 Meyi 2005 sanawerengedwe pa cipukuta misozi coyamba cija. Ana amene ankapita ku sukulu usana n'kumagona kwawo nawonso anasiyidwa, ngakhale kuti ambiri anazunzidwa. Iwo anadikira mpaka 2019 kuti akhale ndi pangano lawo. Ena anavutika kupeza mapepala osonyeza zaka zimene anakhala ku sukulu. Komanso kufotokoza zowawa zakale kunadzutsa mabala mumtima.

Ndalama sizingabweze ubwana wa munthu. Koma kwa ambiri, cinthu cacikulu cinali cakuti boma lavomera poyera kuti iwo sankanama.

Kukumbukira

Kuyambira 2021, pa 30 Sepitembala ndi tsiku la chuthi la boma la Canada. Anthu amavala malaya a mtundu wa lalanje pokumbukira ana amene sanabwerere kwawo. Lero m'madera ambiri a eni nthaka, akuluakulu akuphunzitsanso ana zinenero zimene kale zinkaletsedwa.